Madontho Atatu a Abiti

LOLEMBA

Kabotolo kafika! Kachokera ku Joni kwa mwana wathu Mariamu, kabwera ndi amatransipota m'chikwama chimodzi ndi nsapato za mkwatibwi. Msinkhu wake ngati chala changa chapakati. Galasi lake lofiirira ngati la mankhwala a chifuwa. Ine ndikuti mafuta odzola kumaso, Mariamu pa foni akuti, "Ayi Ababa, si mafuta, ndi seramu." Chabwino, seramu.

Malamulo ake, monga wawanenera mwini wake:

1. Madontho atatu m'mawa uliwonse. Atatu, osati anayi.
2. Kasaone dzuwa.
3. Kasamakhale kotsegula.
4. Kapaipi kake kasakhudze khungu.

Malamulo anayi pa kanthu kochepa chonchi! Injini ya boti yathunthu ili ndi awiri okha: uzithira oyilo, usaimize m'madzi.

Ndilembe bwino nkhani yake, kuti ndikadzakalamba kope lino lidzandikumbutse. Lamulungu likubwerali ndi ndowa, ndiye kuti ukwati wa Chisilamu, ya Asiyatu, mdzukulu wathu, mwana wa Mariamu. Mariamu sabwera, mapepala ake sali bwino. Amene adalera Asiyatu kuyambira ali ndi zaka ziwiri ndi Abiti, akazi anga. Ndiye pa ndowapo mayi ndi iwowo, palibenso wina. Koma Abiti sadatulukepo mumpanda muno miyezi inayi, chiwagwereni sitiroko. Dzanja lamanja lidagona. Mwendo umakokoka. Pakamwa padapendekera mbali imodzi. Akuti akapita, anthu aiwala mkwatibwi n'kumayang'ana iwo.

Lero atenga kabotoloko, akayang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, "Ndikadzola masiku asanu ndi awiri, ndipita. Koma ndidzole ndekha, osati kudzozedwa ngati khanda."

Mtima wanga wadumpha. Miyezi inayi aka n'koyamba kumva mawu oti "ndipita" pakamwa pawo.

Vuto ndi chivundikiro. Chili ndi kamphira pamwamba, kapaipi kagalasi kunsi. Umafinya kamphira, kapaipi n'kumwa, ukafinyanso n'kudontha. Pamafunika dzanja logwira botolo, dzanja lopotokola ndi kufinya, ndi chikhatho cholandira. Amene adapanga chinthuchi ankaganiza kuti aliyense ali ndi manja atatu. Abiti ali ndi limodzi, lamanzere, lonjenjemera.

Ayesa kupana botolo ndi mawondo. Laterereka pachitenje. Mkeka wamwa chakumwa cha ku Joni, mwina gawo limodzi mwa anayi. Sanalire. Angoti, "Chotsani."

Zolakwika zimene ndapeza, ine makaniko wa zaka makumi anayi pa doko la Nkope:

– botolo lalitali, thako lake laling'ono, limaima ngati kakowa
– chivundikiro chomanga kwambiri
– kamphira kolimba
– kapaipi kafupi, sikafika pansi pa botolo

Zonsezi n'zokonzeka. Pofika Lachitatu ndikhala nditapanga chodonthezera cha dzanja limodzi chimene azungu sanachiganizepo.

Masana. Ndayamba kale! Ndatenga pisitoni yakale, ndaitsuka ndi phulusa, ndaitembenuza, ndakhazika botolo m'kati, ndapanikiza ndi nsanza. Silingagwenso ngakhale mwera uwombe. Pambali pake kasosala kolandira madontho, Abiti azingotenga ndi chala.

Akuti, "Nkhope yanga mwaisandutsa injini?" Koma sanati chotsani.

LACHIWIRI

Chivundikiro ndangochikhazika pamwamba osamanga, kuti asavutike kupotokola. Lamulo lachitatu lathyoka pang'ono. Mariamu ali ku Joni, sakuona.

Abiti afinya kamphira. Koyamba: thovu lokha. Kachiwiri: palibe. Kachitatu aluma mano, afinya ndi mphamvu zawo zonse: madontho asanu ndi atatu pasosala! Adzola atatu. Otsalawo ndayesa kuwabweza m'botolo, abwerera limodzi ndi kanyenyeswa ka masamba a tiyi. Ndakaona kakusambira m'katimo. Ndakasiya momwemo.

Komabe adzola okha. Tsiku lachiwiri latheka, poti dzulo adapukuta zotsala pachitenje n'kupaka patsaya, akuti tiwerenge.

Wolakwa ndi kamphira. N'kolimba ngati nyama ya tambala wokalamba. Ku ntchito kwathu labala ikalimba timainyika m'palafini, imafewa. Aliyense pa doko amadziwa zimenezi. Ndakavula, ndakaika m'kachitini, ndapita kukaona injini ya munthu wina imene ikutsokomola.

Masana. Ndabwera. Kamphira katupa ngati chule. Kafewa, inde, pamenepo sindinaname. Ndakagwira, kamata zala. Ndakakoka pang'ono, kang'ambika pakati.

Kamphira kafa!

Che Bwanali ali pabenchi langa monga mwa masiku onse. Ndi mnzanga wa paubwana, adasiya usodzi maso atayamba kuvuta, ntchito yawo tsopano ndi kukhala pamthunzi panga n'kumapereka malangizo. Ayang'ana kachitini, akuti, "Mukanaika m'madzi ofunda, achimwene." Nthawi yonse ija ndimathira palafini anali pomwepo akutafuna mtedza!

Botolo ndalitseka ndi chitsononkho, ndachisema bwino. Kapaipi ndakakulunga m'mpango wanga wa m'thumba.

Abiti aona. "Bambo a Mariamu, kachipewa ka botolo langa kali kuti?"

Ndati kali ku sevisi.

Kukhala chete kwa Abiti ndimakuopa kuposa mphepo ya m'nyanja. Ndisaiwale kuti pano ndi pawo, ine ndine mkamwini. Zaka makumi anayi ndi ziwiri, koma akati nyamukani, changa ndi bokosi la masipanala basi.

Zoyenera kuchita mawa:

– kupeza china chofinya
– osauza Mariamu
– osamveranso Che Bwanali
– kufunsa Che Bwanali ngati ali ndi timabotolo take ta mankhwala a m'maso

LACHITATU

M'mawa ndachita nzeru. Ndamiza kapaipi m'botolo, ndatseka kumwamba ndi chala chachikulu, ndatula madontho atatu enieni pasosala Abiti asanatuluke kubafa. Ayang'ana sosala, ayang'ana ine. "Amenewo ndi madontho anu. Dzolani."

Amayi amenewa!

Che Bwanali abweretsa timabotolo titatu ta pulasitiki, totha mankhwala. Tofewa, tofinyika ndi zala ziwiri. Bwanji azungu aja sanaganize zimenezi?

Koyamba: ndakawiritsa kuti kayere. Katuluka m'poto katapindika ngati kanyenya wa usipa.

Kachiwiri: ndangokatsuka ndi madzi ofunda. Ndathiramo seramu pang'ono. Sikutuluka. Mankhwala a m'maso ndi madzi, seramu ndi yolemera ngati uchi wosungunula, kabowo n'kochepa. Ndatenthetsa singano, ndakuza bowo. Ndaitana Abiti pakhomo kuti aone chionetsero. Che Bwanali aweramira pafupi kuti aone bwino ndi maso awo ovutawo. Ndafinya.

Tsiii! Molunjika m'ndevu za Che Bwanali.

Iwo akuti, "Astaghfirullah! Ndevu zanga zipita ku ndowa zisanaitanidwe!"

Ndipo Abiti aseka. Aseka! Kuseka kwenikweni, kwa m'mimba, kuja ankaseka kale ndikagwa m'madzi ndi injini ya eni ake. Mwamsanga akoka mpango n'kubisa pakamwa. Ine maso anga athawira pansi, pa singano. Ndaona kuti ndimatero masiku ano. Ndikamalankhula nawo ndimayang'ana sipanala, kapena khoma, kapena mapazi awo. Ndimadziuza kuti ndikuwapatsa ulemu, asachite manyazi. Kaya.

Kachitatu: bowo lapakatikati. Abiti afinya okha, atuluka anayi. Akuti limodzilo ndi la nsembe. Adzola. Tsiku lachitatu latheka, ndipo ndikuyenda ngati ndagula boti.

Kabotolo ka pulasitiki ndakaika pazenera, pamene angakafikire osadzuka.

Madzulo. Pazenera! Dzuwa la mwezi uno, malata akuchita kulira ndi kutentha, ine n'kuika pazenera kabotolo koonekera m'kati! M'mawa seramu inali yoyera ngati madzi a mpunga. Tsopano ndi yachikasu ngati mkodzo wa mbuzi.

Ndiye kufiira kwa galasi lija sikunali kokongoletsa.

Mariamu watumiza mawu pa foni. "Ababa, zikuyenda? Mukaona yasanduka mtundu ngati tiyi, yafa imeneyo, musawapatse Amama. Mpweya ndi dzuwa zimaipha." Ndayankha kuti zikuyenda bwino kwambiri.

Yachikasuyo ndataya kuseri kwa khola. Kabotolo kachitatu nako kachita mng'alu pakhosi, singano ija idapsereza. M'botolo lalikulu mwatsala theka, ndi kanyenyeswa kaja.

LACHINAYI

Abiti adzola zotsalira m'kabotolo kong'aluka, akuchita kukakama ngati bere la mbuzi youma. Awiri ndi theka. Akuti tiwerenge.

Ndakwera minibasi ya ku boma. Cholinga: kamphira kena.

Sitolo yoyamba, palibe. Yachiwiri, andionetsa nsonga ya botolo loyamwitsira mwana. Yachitatu ndi ya zodzoladzola, pafupi ndi msika, muli mayi wa magalasi amene wandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditafika pa palafini wavula magalasi.

Akuti:

– galasi limakhala lakuda kuti kuwala kusalowe
– kamphira amakapanga mwadala kuti kasamenyane ndi za m'katimo, si labala wamba
– ukatsegula kamodzi, mpweya walowa kamodzi, n'chifukwa chake botolo limakhala laling'ono, lizitha msanga
– kapaipi kakakhudza khungu kapena sosala, kamatenga litsiro n'kukalisiya m'botolo
– alipo mabotolo ongodina ndi chala chimodzi, osalowa mpweya, abwino kwa odwala manja, koma kuno sanawaonepo

Ndafunsa chifukwa chake sapanga onse kukhala otero. Akuti, "Enawa amaoneka apamwamba, bambo. Anthu amakonda kuona dontho likugwa." Ndiye akazi anga avutike chifukwa wina amakonda kuonera dontho!

Potuluka wandiponyera mawu: "Safunsa adadya phula." Mwana wamng'ono kuposa Mariamu. Ndamuthokoza mwaulemu, mtima ukuwira.

Ndagula zinthu ziwiri. Choyamba, pampu ya mphira ija timafinya pa paipi ya petulo injini isanalire. Yatsopano, sinalawepo petulo. Ndi kamphira komwe kaja, kungoti n'kachimwene kake. Abiti angathe kuidina ndi chigongono, ngakhale ndi phazi! Chachiwiri, paipi ya diripi ya ku famase, yosatsegula, yongosungira.

Masana. Ndalumikiza. Paipi imodzi m'botolo, ina pasosala. Ndadina kamodzi.

M'botolo mwauma. Pasosala palibe kanthu.

Pampu yameza zonse! Mimba yake ndi yaikulu kuposa botolo. Ndimayenera kudziwa, ine amene ndimaziphunzitsa ena. Ndaifinya, ndaigwedeza, ndainyengerera ngati mwana womeza ndalama yachitsulo. Yabweza zina. Zili ndi timadontho takuda. Ndasefa ndi kansalu koyera. Amati tsoka silinunkha, koma langali likununkha tayala.

Mwatsala pang'ono, kufika pa mfundo yoyamba ya chala.

Asiyatu wabwera kudzaonetsa diresi. Wagwada pakhomo la kuchipinda. Abiti atembenukira kukhoma, akuigwira nsaluyo ndi dzanja lamanzere, akufufuza misoko ngati telala waba ulusi. Mwana akuti, "Anganga, mubwera eti? Mukapanda kubwera ndikhala ndi ndani? Sizikuoneka n'komwe, Anganga, mwachira." Watembenukira kwa ine. "Si choncho, Ambuje?"

Ndati inde, sizikuoneka. Ndinali ndikuyang'ana diresi.

Abiti akuti, "Masiku atsala atatu. Tiona." Mwana wapita akumwetulira.

LACHISANU

Lero ndi diripi. Ndaganiza usiku wonse, nzeru yake ndi iyi: kufinya ndiko kukuvuta, ndiye tisiye kufinya. Zinthu zizitsika zokha. Ku chipatala madontho amagwa amodziamodzi popanda wofinya, namwino amangogubuduza kagudumu ndi chala.

Ndaboola chitsononkho, ndalowetsa paipi, ndamata ndi phula la kandulo. Botolo ndalizondotsa, ndalimangirira ku mtanda wa denga ndi ulusi wa ukonde. Paipi ndaifupikitsa, ndaikulunga ndi tepi yakuda kuti dzuwa lisaone. Mwaona? Ndimaphunzira.

Sizikutsika. Ee, thanki imafuna kupuma! Ndabaya singano yachiwiri kuti mpweya uzilowa. Lamulo lachitatu tsopano lafa, tiliika m'manda mawa. Timathovu tikukwera m'botolo, tokongola.

Ndaitana Abiti. Akhala pamkeka, sosala patsogolo. Aika chala chachikulu pa kagudumu. Agubuduza pang'ono.

Limodzi.

Lachiwiri.

Lachitatu. Atseka.

Alhamdulillah! Atatu enieni, okha, popanda dzanja langa! Adzola pang'onopang'ono, tsaya ili, tsaya ilo, pamphumi. Akuti ikununkha ngati basi ya ku Lilongwe, koma adzola. Ndatuluka panja msanga chifukwa m'maso mwanga mwalowa kanthu.

Ku mzikiti ndapemphera ndi mtima wonse. Ndivomere kuti theka la ulaliki wa Shehe landidutsa, ndimaganiza zoika kagudumu kokulirapo. Pobwera ndauza Che Bwanali kuti chinthuchi tingathe kumapangira odwala onse a m'mbali mwa nyanja, kuyambira kuno mpaka ku Namwera. Iwo akuti ku Namwera kulibe nyanja. Nsanje basi.

Masana. Ndapeza Abiti atagona chagada, akuyang'ana botolo likulendewera kudenga, paipi ikugwedezeka ndi kamphepo. Nkhope yawo sindinaione, ndaona dzanja lamanzere likusisita lamanja pamene padali singano.

Akuti, "Mwandibwezera ku wodi."

Sindinaganize zimenezo. Masabata atatu aja adagona kuchipatala, osalankhula, chinthu chokha chimene ankaona chinali chomwechi. Ine ndinkakhala panja pansi pa mtengo ndi amuna anzanga, ndikudikira nthawi yoona odwala. Ndachita manyazi kwambiri.

Ndati ndichotse. Akuti, "Siyani. Atsala awiri." Ndaphimba botolo ndi kansalu ka maluwa kuti lisamaoneke lachipatala. Tsopano likuoneka ngati diripi yopita ku ukwati.

Alendo ayamba kufika kwa mlongo wawo wa Abiti, kumene kudzachitikire zonse. Mbuzi ziwiri zamangidwa pa mtengo wa mango. Akazi akupeta mpunga. Abiti afunsa ngati chitenje chawo chobiriwira chija chidasitidwa. Chasitidwa! Ndasita ndekha, kawiri.

LOWERUKA

Nyerere.

Mzere wochokera pakhomo, kudutsa pansi pa bedi, mpaka pamkeka. Pamkekapo chibanga chonyowa, chomata, chakuda ndi nyerere. Kagudumu sikadatsekeke mpaka kumapeto. Chala chawo chidafika pamene chidatha mphamvu, ine ndi chimwemwe changa sindinayang'ane. Dontho limodzi, kenako lina, kuyambira dzulo m'mawa, ndipo kansalu ka maluwa kanabisa zonse.

Nyerere za pa Nkope lero zili ndi khungu losalala kuposa mkwatibwi.

Ndatsitsa botolo. M'khosi mwake mwatsala tosakwana supuni ya tiyi. Mtundu wake: tiyi wopanda mkaka. Fungo lake: msomali wadzimbiri. Timathovu tanga tokongola tija tamaliza ntchito.

Abiti ayang'ana mkeka, ayang'ana botolo. "Masiku asanu si asanu ndi awiri." Atembenukira kukhoma.

Che Bwanali akuti nkhaniyi ndi yaing'ono. "Thiranimo mafuta a kokonati, achimwene. Munene kuti munasungako ina padera. Akazi amangofuna botolo." Lachiwiri ndidalemba ndekha m'kope muno kuti ndisawamverenso. Ndawamvera.

Ndatsuka botolo, ndathira, ndapita nalo ndi manja awiri ngati ndikupereka kwa apongozi. Ndati Mulungu ndi wamkulu, ndinasungako ina.

Sanatembenuke n'komwe. "Bambo a Mariamu, mafuta amenewo ndidamudzoza Mariamu ali khanda, ndidamudzoza Asiyatu. Sitiroko idagwira dzanja, mphuno idaisiya."

Ndatuluka chobwerera m'mbuyo.

Masana. Ndamuimbira Mariamu, ndaulula zonse. Palafini, singano, pampu, diripi. Pa pampu wati ndibwereze, akuganiza kuti netiweki yamunamiza. Kenako, "Ababa, pampu ya injini?" Kenako akulira. Akuti adasankha ya botolo lokongola kuti Amama aone kuti mwana wawo sanawaiwale, za dzanja sadaganize. Ndamuuza kuti wolakwa ndine. Akuti tonse. Talimbirana mlandu ngati nsomba yomaliza m'bwato.

Mlongo wawo wa Abiti wabwera kudzanyengerera. Wayankhidwa chitseko chili chotseka. Asiyatu sanauzidwe. Akumulemba utoto wa hina m'manja, akuti akungofunsa ngati Anganga ayesa kale nsapato.

Zimene ndawononga sabata ino:

– kamphira
– timabotolo titatu ta Che Bwanali
– pampu yatsopano
– mkeka
– seramu yonse
– mawu oti "ndipita"

Zisanu zoyambazo zili ndi kogula.

LAMULUNGU

M'mawa. Pisitoni ndaibweza m'bokosi la zitsulo. Paipi ya diripi ndatentha. Chodonthezera cha dzanja limodzi sindinapange, ndipo sindidzapanga. Ine ndine wa injini. Mariamu akuti adzatumiza ina yongodina, ndipo wanenetsa kuti ikadzafika ndisadzaikhudze ngakhale ndi diso.

Kwa mlongo wawo akazi ayamba kuimba. Ndavala mkanjo, ndavula. Abiti akatsala, nditsala. Tikhala awiri muno ngati akadzidzi, tizimvera nthungululu za mdzukulu wathu kudzera pazenera.

Andiitana.

"Khalani apa. Ayi, osati pambali. Patsogolo panga."

Ndakhala. Achotsa mpango kukamwa, auika pamwendo.

"Ine si mwana, Bambo a Mariamu. Ndimadziwa kuti za m'botolo siziwongola pakamwa. Ndimangofuna ndizidzuka ndili ndi kanthu kamodzi kochita ndekha. Tsopano siyani kuyang'ana zala zanu. Ndiyang'aneni ine, mundiuze. Zikuoneka?"

Ndayang'ana. Diso lamanja latsika pang'ono. Tsaya lalendewera. Mlomo wapendekera pansi ngati bwato lolemera mbali imodzi. Imvi zawonjezeka m'mbali mwa khutu, sindinadziwe. Ndi nkhope ya Abiti. Ndaisowa miyezi inayi ili m'nyumba mommuno, ndipo amene ankaibisa kwambiri sanali iwo.

Ndati, "Zikuoneka."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

Ayang'ana mpango uli pamwendo. Mumtima ndati basi, bokosi la masipanala lija ndinyamule. Apuma mozama.

"Papezeka mmodzi m'mudzi muno. Aliyense akuti sizikuoneka, ndiye ndimati kaya ndaipa bwanji kuti anthu onsewa agwirizane bodza. Ngati ndi izi zokha, bola. Patseni chitenje chobiriwira. Mafuta anu a bodza aja bweretsaninso, miyendo yayera."

Kuvala kwatitengera nthawi yaitali. Mfundo ya mpango ndamanga katatu, akuti ndikumanga ngati boti pa doko. Alola ndiwathandize nsapato. Kumaso adzola okha.

Masana. Tachedwa. Shehe wamaliza kale zake, tafika mpunga ukugawidwa. Mtunda woti kale tinkayenda tikukangana nkhani imodzi, lero tapuma kanayi. Che Bwanali atiperekeza kutsogolo akuthamangitsa mbuzi ndi ana ngati tikubwera ndi nduna.

Asiyatu watiwona. Waiwala kuti mkwatibwi amakhala chowerama, wathamanga ndi diresi yonse, zopaka kumaso zonse zasungunuka paphewa pa Anganga ake. Abiti akumukalipira kuti awononga nsalu.

Awakhazika pampando pambali pake. Akupereka moni ndi dzanja lamanzere, mpango uli kumutu basi, pakamwa palibe chobisa. Mawu awo akutuluka opindika, ena akumva, ena akungogwedeza mutu. Mpunga wanga wazizira m'mbale.

Anthu akuwayang'ana, monga ankaopera muja. Inenso ndikuwayang'ana.